Mpando umene malemu anasungira mwana wawo

Malemu amene tikuwaperekeza lero, omwe ndi achimwene anga, anabadwa pa 9 Okutobala 1958, oyamba mwa ana atatu. Anali a mawu ochepa kuyambira ali mwana, moti mayi athu ankati pakamwa pawo ponse anandisiyira ine.

Atamaliza sukulu ya ntchito zamanja mu 1979, analembedwa ntchito pafakitale yopanga mipando ya pulasitiki, ndipo sanasinthenso. Kumeneko pulasitiki wosungunuka amapoperedwa m'chikombole chachitsulo, ndipo udindo wa malemu unali kuyang'anira kaziziridwe kake. Ankatifotokozera kuti pulasitiki akamazizira, tiulusi tam'kati mwake timandandalika n'kugwirana m'timagulu tosaoneka ndi maso. Mukamuziziritsa mofulumira, tiulusito timauma tisanandandalike bwino, ndipo mpando umadzapindika. Mukachedwetsanso kwambiri, timaguluto timakula mopyola muyezo, mpando n'kumathyoka ngati bisiketi. Ndiye ankakhalira kusintha katenthedwe ka madzi oyenda m'chikombole. Pamaliro a anthu ena, anzawo akulira, iwo ankatembenuza mpando kuti aone kunsi kwake. Ndinkachita nawo manyazi.

Mu 1984 anakwatira alamu anga, ndipo anadalitsidwa ndi mwana mmodzi wamkazi.

Mu 2009 alamu anagonekedwa m'chipatala. Uthenga woti zinthu zafika povuta unawapeza malemu makina akuyenda, wodzawalandira ntchito asanafike. Kuwasiya makinawo kukanaumitsa pulasitiki m'mimba mwake, choncho anadikira. Pofika kuchipatala anapeza mwana wawo akupinda zofunda za mayi ake. Maliro atangotha, mwanayo anachoka pakhomo osatsanzika.

Tinawauza kuti amulondole. Ankatiyankha kuti chikombole chotentha sachitsegula msanga, mtima wa mwana uyambe wazizira kaye. Zoti kuchedwetsa nakonso kumathyola, zimene ankaphunzitsa anzawo kufakitale, kunyumba sanazikumbukire.

Atapuma pantchito mu 2018, ankakhala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri. Phokoso la makina linali litawagonthetsa m'kutu, ndiye alendo ankatopa ndi kukuwa, n'kuyamba kubwera mwa apo ndi apo. Patebulo pawo panali mipando iwiri: wawo, ndi wina woyera umene anauumba okha atatsala pang'ono kupuma. Ankaupukuta m'mawa uliwonse, ndipo sankalola munthu kukhalapo. Ine mng'ono wawo weniweni ndikapita kukawaona ndinkakhala pa ndowa yovundikira. Mwini mpandowo sanamutchulepo, koma tonse tinkamudziwa.

Matenda a mtima anawayamba chaka chatha, ndipo atisiya Lachiwiri m'mawa. Aneba ndi amene anawapeza, ali pampando wawo, moyang'anizana ndi wopanda munthu uja. Kuti anapita opanda wowagwira dzanja, zikundiwawa kwambiri.

Malemu asiya ife abale awo awiri, mwana wawo, ndi mdzukulu amene sanamuonepo. Tikuthokoza aneba, anamwino amene ankawasamalira, ndi anzawo akufakitale amene atibwereka mipando yambiri kuposa anthu amene tabwera.

Mpando woyera uja tabwera nawo, ndi uwu uli pafupi ndi bokosiwu. Mwana wathu, takuona waima kumbuyoko kuyambira m'mawa. Palibe amene akukuimba mlandu, ngakhale bambo ako sanakuimbepo. Bwera udzakhale, malowa ndi ako.

Achimwene, mwadikira mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.