Kokonati wa Bambo Wamasiye

Pamzere woonetsa makhadi a chipani pachipata cha msika wa Lilongwe, bambo wina atafumbata kokonati analimba mtima n'kufunsa mayi wachisilamu amene anali patsogolo pake.

"Pepani mayi, msuzi wa kokonati wothira zokometsera za binzali mumautani kuti ugwirane? Chimwalirireni akazi anga, mwana wathu akukana kudya. Akuti wanga ndi madzi okhaokha."

"Pepani bambo. Kokonatiyo mumamutani?"

"Ndimaswa, n'kuthira madzi akewo mumphika."

"Nanga choyeracho?"

"Ndimapatsa nkhuku."

"Kalanga ine! Nkhuku zanuzo ndiye zikunona! Choyeracho muzichipala, n'kuchifinya m'madzi ofunda. Mkaka wakewo muzithira pomaliza, moto utachepa."

"Malemuwo sindinawaonepo akutero. Ine ndinkangopeza zapsa kale."

"Mwanayo ankaona. Lero mumuitane, afinye yekha."