Mayi Phoebe Harawa, Amene Ankadziwa Kolowera Utsi

Malemu mayi Phoebe Harawa anabadwa m'chaka cha 1981 kuno ku Hewe, ali oyamba mwa ana atatu. Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale ku Mzuzu, kenaka ku koleji ku Zomba anasankha za sayansi. Ali komweko ankatumizira mlongo wawo Fiskani mabuku, kuti adzadutse njira yomweyo. Iye anafikako ndithu, koma anasiyira chaka chachiwiri. Malemu sanamunyozepo.

Mu 2009 anakwatiwa ndi bambo Simeon Msowoya, oyang'anira nyama ku Thazima. Anthu ankawaseka kuti banja lake ndi lotani: bambo kutentha udzu kuphiri, mayi kulondola utsi wake.

Ntchito ya malemu inalidi imeneyo. Ankatiphunzitsa kuti utsi umene timauona si wokhawo woopsa. Udzu ukamapsa umatulutsanso mpweya wosaoneka, umene ukawombedwa ndi dzuwa umasanduka tifumbi tolowa mpaka m'mapapo, mwina mawa lake, kutali ndi moto. Malemu ankalowetsa mu kompyuta mphepo, kutentha ndi malo amene apsa, n'kuwerengera tsiku limene tifumbito titsikire m'chigwa muno. Ankavomera kuti nthawi zina masamu ankaphonya, ndipo zikatero chakudya sichinkawalowa.

Sankavutikira kutchuka. Mwana wawo Tawina, amene amakhala ndi azakhali ake kuno, ali ndi mphumu. M'chilimwe foni inkalira m'mamawa kuchokera ku Lilongwe, kumene malemu ankagwira ntchito: “Lero asapite kusukulu ameneyo, tsekani mawindo.” Kunja kuli mbee, ife n'kumang'ung'udza. Pofika masana, ana a eni ake akutsokomola, wathu akupuma bwino.

Kutchalitchi anali mayi wa Umanyano wokhulupirika. Anzawo anawapatsa dzina loti NyaMphepo, iwo n'kumayankha akuseka.

Anayamba kudandaula mutu pa Isitala, ndipo anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ali pabedi anauza Fiskani kuti akatuluka amuphunzitsa kuyendetsa masamu aja, poti si ovuta. Sanatuluke. Atisiya Lachiwiri lapitali, pa 14 Meyi 2019.

A kuntchito kwawo, yewo chomene chifukwa cha nkhata ya maluwa. Uthenga wanu woti kompyuta ibwerere ku ofesi taulandiranso. Fiskani anaitsegula dzulo. Manambala anawaona, koma sanamve kanthu. Banja likupempha chimodzi chokha: ngati pakati panu alipo wodziwa kuwawerenga, asakwere galimoto asanaonane nafe. Udzu wayamba kuuma. Mwezi wamawa moto uyaka kuphiri, ndipo foni ija sidzalira.

Malemu asiya amuna awo bambo Msowoya, bambo awo owabala a Hezron Harawa, mng'ono wawo Ida, mlongo wawo Fiskani, ndi mwana mmodzi, Tawina, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene m'mawa uno wafunsa azakhali ake ngati lero n'kotuluka panja.

Achemwali, kumene mwapitako kulibe utsi. Mupumule mu mtendere.