Dzina lobwereka la atate anga

Abale ndi alongo, monire mose. Ambuye alemekezeke. Ndine Yamikani wa ku Luwinga, uja ndinamangirira nsapato za akwaya ku benchi. Musaseke, lero ndabwera ndi zolemera.

Atate anamwalira ndili m'mimba. Amayi anali kwawo ku Thyolo kukadikira kuchira, ndipo anali asanakaonekere kwawo kwa atate. Pobwerera anapeza maliro anapita kalekale, osadziwa kuti anapita kuti. Anatsala ndi dzina lokha, Phiri.

Kusukulu anzanga amatchula agogo a agogo awo. Ine akandifunsa kwathu ndinkanama. Lero Karonga, mawa Joni. Ankaseka, ine n'kumaseka nawo, koma mumtima munali mdima, abale.

Ndinayamba kufufuza pa foni ya amayi. Pa intaneti pali malo amene anajambulapo mabuku akale a ubatizo. Ndinalemba dzina la atate. Palibe. Ndinalembanso. Palibe. Ngati munthuyo sanabadwe n'komwe. Ndinasiya kudya, ngakhale kuvutitsa anthu ndinasiya. Amayi ankayesa malungo.

Ndiye Mulungu anagwiritsa ntchito mphatso yanga yopusitsa anthu ija. Ndinaimbira a Mkandawire, mnzawo wa atate, amene nthawi zonse ankati sakudziwa kanthu. Ndinakulitsa mawu, n'kunena kuti ndine bwana wa ku ofesi yolembera anthu, dzina la malemu likutisokoneza. A Mkandawire anati, "Pepani chomene bwana. Anali Gondwe. La Phiri anangobwereka kuti abwereze Sitandade 8." Kubisa konse kuja n'chifukwa choti nawonso anachita zomwezo.

Ndinalemba Gondwe. Anatuluka, abale! Ubatizo wawo, mudzi wawo ku Rumphi, dzina la amayi awo.

Tinapita ndi amayi. Tinapeza agogowo anaikidwa mwezi wathawo. Ankhazi, alongo awo a atate, anandigwira makutu, ati ndi a atate enieni, n'kuyamba kulira. Anati agogo anafa akufunsabe ngati mwana wawo anasiya mwana m'tauni. Ndinachedwa, abale. Ndinachedwa. Ndinangopempha khasu, n'kupalira manda awiri.

Lero akandifunsa kwathu sindinama. Tchuthi ndimapita ku Rumphi, ankhazi akundiphunzitsa mayina a anthu anga. Ndikuthokoza Mulungu.

A Mkandawire, ndakuonani kumbuyoko. Bwana uja ndinali ine. Koma sindikupepesani ayi. Mukanandiuza chaka chatha, ndikanawapeza agogo ali moyo.

Amen.