Manyowa a Amalume M'munda mwa aNaphiri

Zaka zija pamsika wa Kandeu munthu sunkalowa wopanda khadi la chipani, ine ndinali kale ku sekondale, mtsikana yekhayo wofikako m'mudzi mwathu, ndipo inu atsikana a kwaya amene mukufunsa kuti Mulungu angakhale bwanji wachifundo komanso wachilungamo, mwafunsa munthu woyenera, chifukwa katekisimu ndinkamudziwa pamtima ndiponso zimenezi ndinaziona ndi maso angawa.

Kwathu kunali mwambo woti ng'ombe sizimasulidwa kukadya mapesi mpaka mudzi wonse utakolola. Lero mumakangana za mbuzi imodzi, koma amalume anga aNdau anali ndi khola lodzaza, ndipo iwo akangotuta chimanga chawo ankatsegula chipata osayang'ana za mnzawo. Munda woyandikana nawo unali wa aNaphiri, mayi wamasiye amene ankakolola mochedwa poti manja anali awiri okha, choncho chaka ndi chaka ng'ombe zinkawadyera chimanga chili chiimire. Akapita kukadandaula, amalume ankangoti, "Ng'ombe sinapite kusukulu, mayi, malire siyiwadziwa."

Chaka china amalume anadwala mpaka abale anayamba kunong'onezana za matabwa. Anatuma ine ku mishoni, nanga Chingerezi cholankhula ndi Bambo Mfumu achizungu akanachipeza kwa yani? Abambo anafika pa njinga yamoto, amalume analapa, anadzozedwa, nalandira Ukaristia. Kenaka amalumewo anatiitana m'nyumba n'kunena ndi mawu otsika kuti, "Ndikapita, manyowa a m'khola langa mukathire m'munda mwa aNaphiri, ndipo muwalimire ndi ng'ombe zanga."

Potuluka ndinapeza aNaphiri ataima pabwalo.

"Iwe mwana wasukulu, ndiye kuti akatsamira mkono lero, ndi akumwamba?"

"Akhululukidwa, mayi."

"Ine ndisese tchalitchi zaka zonsezi ndi njala m'mimba, iwo akalowe pa njinga yamoto? Ngati zili choncho, phazi langa silipondanso m'tchalitchimo."

Ndipo sanali kuseka ayi. Lamulungu linadutsa, lina linadutsa, malo awo akutsogolo kuja ali mbee. Ndinapita kukawafotokozera bwinobwino monga ndimafotokozera inumu, kuti tchimo lafafanizidwa koma mlandu suwola, chimene munthu sanakonze pansi pano akachikonza ku puligatoliyo. Iwo anangondifunsa kuti, "Ku puligatoliyoko kuli munda wanga?" Mwaonatu, ana inu, munthu wa nkhokwe yopanda kanthu samvera m'makutu.

Tsono tamverani. Amalume aja sanafe. Anayamba ndi phala, kenaka anaitanitsa nyama, mwezi usanathe n'kuti akuvina ngoma ndi chishango m'manja, za manyowa zija ataziiwala. Ine sindinaiwale, mutu uwu suiwala. Abambo atabwera kudzachita Misa ku nthambi yathu, ndinawakumbutsa amalume za lonjezo lija Abambo ali pomwepo, anthu akumva.

"Ija inali nkhani ya ndikafa, Abambo," anatero amalume akundiyang'ana ndi diso lofiira.

"Zoona, aNdau," anayankha Abambo m'Chichewa chawo chokhotakhota. "Mukanafa akanathira ena. Mulungu wakubwezerani manja, kathireni nokha."

Walira mvula walira matope. Mngoni wa ng'ombe zake, amene ngakhale chikho cha madzi sankadzitungira, anamanga ng'ombe pa ngolo, fosholo m'manja, kutapa ndowe m'khola kupita nazo kwa mayi wamasiye, mudzi wonse ukuonerera. ANaphiri anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kukhala ngati kapitawo.

"Apo mwadumpha, aNdau. Cha kuchuluko."

"Umenewo si munda wanu, mayi."

"Ndi wanga. Kapena nanunso simunapite kusukulu?"

Amalume anaponya fosholo pansi, ife tinati basi zathera pomwepa, koma anaseka mpaka kukhosomola, n'kuitolanso. Mvula itagwa anawalimira, ndipo chaka chimenecho chipata cha khola sichinatsegulidwe mpaka aNaphiri atatuta chitsononkho chomaliza. Nkhokwe yawo inachita kuwonjezeredwa.

Lamulungu lotsatira ndikuwerenga mawu kutsogolo, poti wowerenga bwino ndinali ine, ndinaona aNaphiri ali pamalo pawo. Nthawi yolandira Ukaristia itakwana anaima pamzere kumbuyo kwa amalume, ndipo ndinawamva akunong'ona kuti, "Fulumirani, aNdau, mwatichedwetsa kale zaka zambiri."

Ndiye inu ana anga, masiku ano mumafuna kuti zonse zifike nthawi imodzi ngati uthenga wa pafoni, koma za Mulungu siziyenda choncho. Kwathu chifundo chinafika tsiku lomwelo pa njinga yamoto, chilungamo chinabwera pambuyo pa ngolo ya ng'ombe, koma zonse zinatsikira pakhomo limodzi. Mukakalapa Loweruka, musangotuluka mukumwetulira. Yambani mwafunsa kuti ng'ombe zanu zinadya m'munda mwa yani.