Mayi Shamim Inayat, Amene Anatseka Ngalande

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961 m'mudzi uno wa Nurpura, m'banja la Bambo Barkat Masih. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri. Sukulu anayambira ku mishoni, ndipo mu 1979 anapita ku mzinda wa Faisalabad kukaphunzira za ulimi.

Tinakwatirana mu 1984 m'tchalitchi chomwe chino. Ine ndine mwamuna wawo, Inayat. Akuluakulu anati mbiriyi awerenge wina. Ndakana.

Kuyambira 1986 malemu ankagwira ntchito yopima dothi, madzi ndi mbewu. Pa nthawiyo madzi a mumtsinje ankatipeza mwa apo ndi apo, choncho tonse tinkathirira tirigu ndi madzi akuda a m'ngalande yochokera ku mafakitale onyika nsalu. Madziwo sankatha, ndipo tirigu ankanenepa. Monga mwa chizolowezi chathu, tirigu wonenepayo ndiye tinkasunga kuti tidye, wowonda n'kugulitsa.

Mu 2003 malemu anapima tirigu wa m'nkhokwe yathu. Anapezamo mtovu ndi chitsulo china cha poizoni chotchedwa kadimiyamu. Anandifotokozera kuti zitsulozi zimabwera ndi madzi, zimakhazikika m'dothi, ndipo mizu imazikoka mpaka kukafika m'njere. Feteleza wina amawonjezera kadimiyamu, wina amawawasitsa dothi kuti mizu izikoka kwambiri. Manyowa amachepetsako. Kutsuka kapena kuphika sikuchotsa kanthu.

Chaka chomwecho anatseka ndi manja awo njira ya madziwo yolowa m'munda mwathu. Tinakumba chitsime. Zokolola zinatsika, ndipo tirigu wothirira madzi a pachitsimewo ankakhala wowonda. Pamsika ankawatcha kuti mayi a tirigu wowonda, ndipo iwo ankayankha kuti wofuna tirigu wonenepa akadyetse apongozi ake. Mabanja anayi anatseka nawo. Ena simunatseke.

Anapuma pa ntchito mu 2019. Mu 2022 anayamba kudwala impso. Anamwalira Lachiwiri, pa 14 Januwale 2025. Madokotala sananene chimene chinayambitsa matendawo. Inenso sindinena. Chimene ndikudziwa n'chakuti malemu anadya tirigu wa m'ngalande zaka zambiri asanamupime.

Asiya ine, ana atatu, Rubina, Danyal ndi Samson, komanso zidzukulu zisanu. Chaching'ono chayamba kumene kudya chapati, buledi wathu wa tirigu.

Tikuthokoza abusa, amayi a kwaya amene ankagona nawo kuchipatala, Bambo Gulzar amene ankawatengera pa galimoto yawo osatopa, ndi anyamata amene akumba manda.

Pali nkhani imodzi. Mwambo wathu mukuudziwa: m'nyumba ya maliro moto suyatsidwa masiku atatu, anansi ndiwo amabweretsa chakudya, ndipo chakudya cha maliro sachikana. Ali m'chipatala, malemu anandifunsa ngati zidzukulu zawo zidzadye chapati cha m'ngalande pa maliro awo. Ndinawayankha kuti ayi.

Moto sindiyatsa. Koma pakhomo pathu ndaika thumba la ufa wa tirigu wowonda uja. Amene akufuna kutiphikira atapemo, akaphikire kwawo. Chapati cha ufa wina chidzabwerera pa mbale yomwe chabwerera, ngakhale chitachokera kwa mkulu wanga. Wokwiya akwiyire ine.

Mayi Shamim, ngalande ija ndi yotsekabe. Mzimu wanu uuse mumtendere.