Makonirodi Aulesi

Veronica Gwanda anafika pa shedi ya a Kassimu ku Biwi, pomwe amagulitsa masipeyala akale, atafungatira chitsulo chopindika m'chitenje ngati mwana wodwala. Amuna ake, a Felix, anali chigonere kunyumba ku Area 23 atagwera m'ngalande pa mpikisano wa galimoto, koma pakamwa pokha sipanavulale: anamutuma makonirodi anayi olimba, zitsulo zija zimakankhana ndi mapisitoni, kuti makaniko amangenso injini. Veronica anavomera ndi mutu, koma mumtima anali ndi zake.

"Odi, bambo. Ndikufuna zinzake za ichi. Zinayi."

A Kassimu anachitembenuza, n'kuchisuzumira ndi diso limodzi. "Zopindika chonchi ndilibe, mayi. Koma nditha kukupindirani."

"Iyayi! Zowongoka. Koma zikhale zaulesi."

"Zaulesi?"

"Zosathamanga."

"Konirodi sithamanga, mayi. Imangokwera ndi kutsika pamalo amodzimodzi."

"Ndiye ndipatseni yokwera mochedwa."

"Imakwera monga mmene mwini galimoto wapondera."

"Eyaa! Mwini galimotoyo ndiye ndikufuna kuthana naye."

A Kassimu anaika chitsulo chija pansi pang'onopang'ono. "Kuthana naye?"

"Kwatheratu. Ndi amuna anga."

"Oho." A Kassimu anatsitsa bokosi pashelefu. "Awa ndi olimba, achitsulo chosula. Anachokera m'galimoto ya mpikisano, ndawayeza ndekha, onse ndi owongoka. Munthu aponde mmene angapondere, saduka."

"Bwezani. Amenewo ndiwo akuwafuna eni ake." Veronica anaunguza pa mulu wa zitsulo. "Mulibe ochokera m'galimoto yonyamula maliro? Zija zimayenda mwaulemu."

"Za maliro mwaganiziratu kale?"

"Ndimaganiza tsiku lililonse, bambo. Ndikamachapa, ndikamasita, maliro okhaokha m'mutu."

A Kassimu anavula kofiya, n'kuivalanso. "Mayi, tamverani. Ofooka alipo, ali apo, ndimagulitsa kwa a sikilapu. Koma mukaika amenewo m'injini yamphamvu ya tebo, munthu akangoponda, konirodi imaduka n'kuboola injini ngati chipolopolo."

"Galimoto imaima?"

"Imaima."

"Basi! Amenewo."

"Ndi munthu yemwe amaima, mayi."

"Ndi zomwe ndikufunazo! Aime. Ndatopa naye ine. Ndikufuna ndizidziwa pamene wagona. Ndikapita Lamulungu, ndizimupeza pomwe ndinamusiya."

"Mutatenga maluwa?"

"Maluwa a chiyani? Anandigulirapo maluwa iyeyo? Zaka zonsezi mphatso yanga ndi fungo la matayala opserera."

A Kassimu anasuzumira kunja ngati akufuna mboni, koma anzawo onse anali pansi pa magalimoto, kukuoneka mapazi okha.

"Achibale awo akudziwa zimenezi?"

"Nzeruyi anandipatsa ndi apongozi anga."

"Mayi awo owabereka?"

"Omwewo. Akuti ulendo uno wapulumuka, koma ifeyo tisangokhala manja lende."

"Subhanallah! Ankhoswe mwayesako?"

"Ankhoswe? Ndi amene amakupiza mbendera pa mpikisanopo!"

Veronica anali atayamba kutopa. Dzuwa linali litakwera, mafuta akuda atamudetsa kale bulauzi, ndipo bambo uyu ankafunsa ngati nesi wa kusikelo. Anawerama yekha pa mulu wa sikilapu n'kuyamba kusankha adzimbiri kwambiri.

"Mayi, siyani! Ine ndikupita ku swala posachedwapa. Ndikaima bwanji pamaso pa Mulungu?"

"Mukaima ndi miyendo. Kulungani awa."

"Sindikulunga."

"Mukulunga. Ndayenda shedi zonse za Biwi, aliyense akungondionetsa olimba. Dziko lino lilibe munthu wogulitsa zinthu zoipa pamene ukuzifuna?"

"Ndiimbira apolisi."

"Aimbireni! Akudziwa kale. Pa rodibuloko ndinawapempha ndekha kuti andithandize, anangoseka."

A Kassimu anakhala pa tayala, manja kumutu. "Mayi, chonde. Ngati banja lavuta, khoti lilipo. Munthu amasiyidwa, saphedwa."

Veronica anaongoka, konirodi yadzimbiri ili m'manja. "Kuphedwa? Ndani akupha munthu?"

"Inuyo."

"Ine? Ine wa kwaya ya amayi? Ine amene ndikumusambitsa ndi kumutembenuza ngati khanda? Ndikufuna akhale moyo, bambo inu! Asiye liwiro, ana amuone akukalamba!"

"Ndiye mukananena kuti akhale moyo. Inu mumati aime."

"Mutu wanu uli ndi girizi?"

"Pang'ono, mayi. Ndi ntchito." Anapukuta chipumi, mtima utatsika. "Avulala pati bambowo?"

"Mwendo. Chikhakha kuyambira m'chiuno mpaka kuchala."

"Uti?"

"Wakumanja."

"Wopondera mafuta."

"Womwewo. Adokotala akuti za chiwongolero aiwale kaye, mwina mpaka chaka chamawa."

"Galimoto ina muli nayo?"

"Ina ya kuti? Ndi yomweyo."

"Nanga injini ikamangidwa, ana kusukulu, bambowo kuchipatala, aziyendetsa ndani?"

Veronica anaweramitsa mutu. Anayang'ana dzimbiri lomwe linali m'manja mwake.

"Ine," anatero motsitsa.

"Ndiye amene mukufuna kuthana nayeyo ndi inuyo."

Chitsulo chija chinagwera pa mulu, ngwee! Veronica anapukuta dzimbiri m'manja mwake. Layisensi anali nayo kuyambira kale, koma a Felix sanamulolepo kukhudza kiyi. Ankati galimoto imeneyi si ya anthu ophika. Iye ankangokhala pambali, atatsinzina, zala zitamira mumpando, akutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Tsopano anadziona ali pachiwongolero mumsewu wa ku Likuni, tebo ikuliza mluzu, maminibasi akutsalira m'mbuyo ngati aimikidwa. Anadabwa kuona kuti mtima ukugunda, koma osati ndi mantha.

Anakokera bokosi lija pafupi, n'kunyamula konirodi imodzi yolimba. Inali yozizira, yosalala, yolemera bwino.

"Mwati awa saduka?"

"Saduka, mayi."

"Ngakhale munthu ataponda mpaka pansi?"

"Ngakhale mpaka pansi. Koma inu simungaponde choncho."

"Kulungani onse anayi."

A Kassimu anayamba kukulunga m'nyuzipepala, akumuyang'ana cham'mbali. "Nanga bambo aja akachira? Si abwereranso ku liwiro lomwe lija?"

Veronica anamanga mtolo wake m'chitenje, n'kuukolekera paphewa.

"Akachira azikhala kumbuyo, amange lamba. Nawonso aphunzireko kupemphera."