Dona ndi Timapulasitiki ta Mchere

Zaka zija chipani chimodzi chitangotha, katundu wakunja atayamba kusefukira m'mashopu, ine ndinali ndi tebulo langa pakamsika kena kufupi ndi Palabana, ndikugulitsa mchere, tinsomba ta kapenta ndi tomato. Inu adzukulu anga mwabadwa mapulasitiki atakola kale m'mitengo yaminga, koma ife tinakula tikupita kumsika ndi mbale kapena dengu, ndipo mchere ankatikulungira m'pepala. Titabwera timapulasitiki topyapyala tija tinati chitukuko ndi chimenechi, moti ena ankatichapa n'kutiyanika pachingwe pamodzi ndi zovala.

Kunyumba tinali ndi ng'ombe imodzi yokha ya mkaka, ndipo tinkaitcha Dona chifukwa cha kayendedwe kake konyada. Agogo anu aamuna anali atamwalira kale, choncho mkaka wa Dona ndiwo unkalera ana anga anayi, kuphatikizapo atate ako iwe ukusekawe. Alangizi a ziweto anali atatiuza kuti ng'ombe ya mkaka imafuna mchere, ndipo ine, posafuna kutaya kanthu, ndikaweruka kumsika ndinkatenga timapulasitiki tong'ambika ta mchere n'kuipatsa kuti inyambite. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa kukhonsolo panjinga, ba Mwanza, munthu wofatsa wa nsapato zafumbi. Anatisonkhanitsa ife amsika n'kunena kuti: "Azimai, timapulasitiki utu tazaza paliponse, tikutseka ngalande ndipo ziweto zikudya. Nipempha kuti tibwelele ku mapepala na mbale."

Ana inu, pakamwa panga panali poyera masiku amenewo, sindinkasunga mawu m'tsaya. Ndinaimirira, manja m'chiuno, n'kuti: "Ba Mwanza, khonsolo yanu ilamulila matebulo. Malo aya ni ya mfumu, mchele ni wanga. Lamulo loletsa pulasitiki lili kuti? Nionetseni pepala!" Anzanga anaululuza, ndipo bambo uja anangoyang'ana pansi, n'kukwera njinga yake. Ndinapita kunyumba ndikumva kukoma ngati ndawina mlandu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Dona anali ataphunzira kwa ine mwini kuti pulasitiki ndi mchere, ndipo akamadya msipu m'mbali mwa msewu ankatola kalikonse kouluzika ndi mphepo n'kumeza. Mvula itayamba, ng'ombe za anzanga zikunenepa, iye anayamba kuonda, mimba yokha ndiyo inkakula, mkaka n'kumachepa mpaka kuuma. Tinayesa mankhwala a njoka zam'mimba, tinayesa mizu, ndipo ine mumtima ndinayamba kuganizira mnansi wanga wosalakwa kuti wailodza, Mulungu andikhululukire. Mmawa wina Dona analephera kudzuka, amuna a m'mudzi anati aiphe nyama isawonongeke.

Atatumbula chifu, anatulutsa chimpukutu cha mapulasitiki chopotana ngati nkhata, cholimba mpeni n'kumakana. Palibe anandinena, koma onse ankadziwa amene ankagulitsa mchere. Ndinalira kuposa mmene munthu amalirira chiweto, chifukwa ndinadziwa kuti ndinaipha ndi dzanja lomwe linkaidyetsa, ndipo chaka chimenecho ana anga anamwa phala lopanda mkaka.

Patapita sabata ndinakwera minibasi kupita ku Chongwe, kumaofesi a khonsolo, kukafuna ba Mwanza. Ndinawauza zonse, n'kuti: "Bwelani na lamulo lija, ine nizakhala woyamba kumvela."

Iwo anapukusa mutu. "Amai, munakamba zoona tsiku lija. Pepala n'nalibe. Khonsolo ingalembe lamulo, koma mpaka akulu ku Lusaka asaine, ndipo ico cimatenga nthawi. Ine n'nabwela cabe cifukwa ng'ombe ya mlongo wanga inafa imfa yomweyo."

Ndinasowa poika maso. Mlandu ndinawinadi, koma khola linali mbee.

Masiku ano ndimamva pa wailesi anthu akukanganabe kuti woyenera kuletsa mapulasitiki ndani, khonsolo kapena boma, ndipo mkanganowo ndi wabwino, aupitirize ophunzirawo. Koma inu adzukulu anga, munthu akabwera kudzakuchenjezani, ngakhale ali panjinga ndipo alibe chidindo, musafulumire kumufunsa kuti wakutuma ndani. Yambani mwamufunsa kuti waona chiyani.